Khutu Lilibe Chikope

Mlengi poumba munthu adaika chikope pa diso, kuti likaona chonyansa litseke, koma khutu adalisiya lotsegula usana ndi usiku ngati khomo la kwa mfumu, ndipo aliyense amene adakhalapo pa benchi m'kanyumba koonetsera vidiyo, mmene mpweya umatentha ndipo anyamata amathithikana mpaka pakhomo, akudziwa kuti anthu amapirira chithunzi chamdima, chogwedera, ngakhale chamizeremizere, koma mawu akangoyamba kumveka ngati wolankhulayo ali m'mbiya, kung'ung'udza kumayambira kumbuyo, mpaka wina afuule kuti, "Takwezani voliyumuyo, aise!" Mwini vidiyo amakweza ndithu, koma chimene chimakwera ndi mkokomo wa lole imene inkadutsa pamsewu tsiku lojambulalo, pamene mawu a mkazi wolira m'filimumo amakhalabe pansi pomwe adali.

Vuto limeneli silidabadwe dzulo pamodzi ndi ana athu ojambula ndi mafoni; msinkhu wake ndi wofanana ndi wa kanema wolankhula. Kwa zaka zoposa 30 chiyambire pamene abale awiri a banja la Lumière adaonetsa zithunzi zoyenda ku Paris mu 1895, kanema adali wosalankhula: ochita sewero ankangotakasa milomo, mawu n'kumalembedwa pa chinsalu, woimba piyano ali pambali kudzaza batalo, ndipo wotsogolera ankatha kukalipira anthu ake mokweza, kamera ikuzungulira, popanda kanthu koonongeka. Ufulu umenewo udayamba kutha pa 6 Okutobala 1927, pamene kampani ya Warner Bros. idaonetsa The Jazz Singer ku New York. Kunena zoona, m'filimuyo Al Jolson adangoimba nyimbo zingapo ndi kulankhula kwa mphindi ngati ziwiri zokha, ndipo mawuwo sadali pa filimu penipeni koma pa mbale zikuluzikulu za galamafoni, za mainchesi 16, zozungulira pambali mwa njira yotchedwa Vitaphone, kotero kuti singano ikangolumpha kapena filimu ikaduka, mlomo unkapita kwake mawu n'kupita kwawo. Komabe anthu atalawa kamodzi, sadafunenso kubwerera kumene adachokera.

Walira mvula walira matope. Kamera za masiku amenewo zinkalira ngati makina osokera zovala, choncho adazitsekera m'tizipinda ta zipupa zochindikala tokhala ndi zenera lagalasi, mmene wojambula ankatulukamo thukuta lili kamukamu. Maikolofoni nayo idali yogontha, yosamva patali, ndipo ankaibisa mumphika wa maluwa kapena kuseri kwa telefoni ya patebulo, moti amuna ndi akazi amene dzulo lake ankathamanga ndi kudumpha m'zithunzi tsopano adaunjikana pamalo amodzi ngati anthu owotha moto m'mwezi wa Juni, aliyense akuweramira ku maluwa pofuna kulankhula. Amene amakumbukiridwa kuti adawamasula m'nsinga zimenezi ndi mayi wina, Dorothy Arzner, yemwe potsogolera The Wild Party mu 1929, ataona kuti Clara Bow wamangika ndi mantha a maikolofoni, adauza amisiri kuti aimangirire kunsonga ya ndodo yowedzera nsomba, ndi kumutsata nayo pamwamba pa mutu kulikonse kumene angapite. Ndodo imeneyo, imene a ntchitoyi amaitcha boom, ikadali m'manja mwa anthu kufikira lero lino, ndipo palibe chipangizo china chimene chidailanda ufumu wake.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva, ngakhale ambiri amachiphunzira ndi misozi. Mawu amafooka msanga akamayenda: mtunda wa pakati pa kamwa ndi maikolofoni ukawirikiza kawiri, mphamvu yawo imatsika ndi madesibelo 6, ukawirikizanso imatsika ndi ena 6, pamene phokoso la m'chipindamo, la firiji, la msewu, ndi la mawu omwewo pobwerera kuchokera ku zipupa, limangokhala chimodzimodzi paliponse. Tsono maikolofoni yotchipa yoikidwa zikhatho ziwiri kapena zitatu kuchokera pakamwa imaposa yodula yomangiriridwa pa kamera kutsidya kwa chipinda. Olemera adagonjetsa kamtunda kameneka ndi ndalama, pomanga nyumba zojambuliramo zosalowa phokoso, ndi kulemba ntchito munthu wogwira ndodo, wina wotchera khutu, wina wokoka nthambo. Koma osauka, pokhala analibe zonsezi, adachita kukazemba, ndipo mbiri imene ndikufuna kulongosola pano ndi ya kuzemba kwawoko.

Njira yoyamba yozembera idali kulekanitsa nkhope ndi mawu. Ngakhale Alfred Hitchcock adaigwiritsa ntchito ku England mu 1929 pojambula Blackmail, pamene adaona kuti Chingerezi cha Anny Ondra, amene adakulira ku Prague, sichikufanana ndi cha mtsikana wa mu London; adaimika Joan Barry pambali pa kamera kuti azilankhula pa maikolofoni, Ondra akungotsata ndi milomo. Ku Italy adapitirira apo, naisandutsa chizolowezi cha dziko lawo lonse. Roberto Rossellini adajambula Roma città aperta mu 1945, nkhondo isanazizire n'komwe, ndi zidutswa za filimu zotolatola, ndipo mawu adawaika pambuyo pake. Federico Fellini naye adatchuka ndi kuuza ena mwa ochita sewero ake kuti azingowerenga manambala pamaso pa kamera, zolankhula zenizeni n'kukazilumikiza mu situdiyo.

Makolo athu adakumana ndi kanema kudzera pa khomo lomweli, koma kwa iwo nkhaniyo idali ndi ululu wina. Pakati pa 1935 ndi 1937, bungwe la International Missionary Council, ndi ndalama za Carnegie Corporation, lidayendetsa ntchito yotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment, imene L. A. Notcutt ndi G. C. Latham adakhazika ku Vugiri, m'mapiri a Usambara ku Tanganyika. Adajambula mafilimu 35 pa filimu yaing'ono ya mamilimita 16, ophunzitsa za ulimi, ukhondo, msonkho ndi kusunga ndalama, ndipo mawu ofotokozera adawaika pa mbale m'zilankhulo zosiyanasiyana, kuti chithunzi chimodzi chithe kuonetsedwa kwa mitundu yambiri pamene lole yawo inkazungulira Tanganyika, Northern Rhodesia, Nyasaland, Kenya ndi Uganda. Mu 1948 kudabwera Central African Film Unit ya ku Salisbury, imene mafilimu ake oyambirira adalinso osalankhula, womasulira n'kumaima pafupi ndi galimoto ya kanema kufotokozera khamu m'chilankhulo cha kumeneko. Pachuma idali nzeru ndithu, sindingakane. Koma talingalirani kuti munthu wakuda adaoneka pa chinsalu zaka zonsezo akulima, akuseka, akukangana ndi mkazi wake, milomo ikuyenda, chikhalirecho chomveka m'makutu chidali liwu la munthu wina woneneza chimene iye akutanthauza. Kandimverere adakanena za m'maluwa, adatero akale, ndipo womasulira wochenjera ankathiramo nthabwala zakezake zimene azungu eni filimuyo sankazimva.

Ousmane Sembène wa ku Senegal, amene ambiri amamutcha tate wa kanema wa mu Africa, adayamba ntchito yake ali m'goli lomweli. Borom Sarret, kafilimu kake kakafupi ka mu 1963 konena za woyendetsa ngolo mu mzinda wa Dakar, adakajambula popanda mawu a pamalopo, ndipo zimene timamva ndi maganizo a mwini ngoloyo olankhulidwa m'Chifalansa, olumikizidwa pambuyo. Mu La Noire de... ya mu 1966 adachitanso chimodzimodzi: nkhope ya Diouana, mtsikana wopita kukagwira ntchito ya m'nyumba ku Antibes, ndi ya Mbissine Thérèse Diop, koma liwu la mumtima mwake ndi la Toto Bissainthe, mayi wa zisudzo wochokera ku Haiti. Apa ndi pamene ndimagomera munthu ameneyu, pakuti chimene chidali umphawi wa zipangizo iye adachisandutsa mutu wa nkhani: mtsikanayo amakhala duu pamaso pa mabwana ake, akukolopa, akutsuka mbale, pakamwa pali potseka, ndipo ife tokha oonera ndi amene timamva kuwawa kumene kukuwira m'kati mwake, moti kusowa kwa mawu ake pachithunzi kumasanduka umboni wa ukapolo umene akuusimba. Komabe Sembène sadakhutire nazo, chifukwa ankafuna kuti amayi a mumsika wa ku Dakar amve anthu a pa chinsalu akulankhula monga iwo alankhulira. Ndipo mu 1968 adatulutsa Mandabi, mmene anthu amalankhula Chiwolofu ndi pakamwa pawo.

Chimene chidatsegula njira yoti mawu agwidwe pamalo pomwepo, kunja kwa situdiyo, chidachokera kwa mnyamata wothawa nkhondo. Stefan Kudelski adabadwira ku Warsaw mu 1929, banja lake lidathawa pamene nkhondo idabuka, ndipo ali pa sukulu ya ukachenjede ku Lausanne, m'dziko la Switzerland, adapanga mu 1951 kamakina kojambulira mawu pa tepi, koyendera chipukuso cha sipuling'i ngati galamafoni, nakatcha Nagra, liwu la Chipolishi lotanthauza kuti "chidzajambula". Nagra III, imene idatuluka mu 1958, inkayendera mabatire, inkapachikidwa paphewa ndi lamba, ndipo patapita nthawi pang'ono idapatsidwa njira yosungira liwiro limodzi ndi kamera, kuti mlomo ndi mawu zisasiyane. M'chilimwe cha 1960 Jean Rouch ndi Edgar Morin adatuluka nayo m'misewu ya Paris pojambula Chronique d'un été, ndipo m'gawo lina losaiwalika Marceline Loridan, amene adapulumuka ku msasa wa Auschwitz-Birkenau, amayenda yekha pa Place de la Concorde atanyamula makinawo pathupi pake, akulankhula motsitsa za bambo ake amene sadabwerere, kamera ili patali koma maikolofoni ili pafupi ndi kamwa. Koma Nagra idali ya mtengo wokwanitsidwa ndi nyumba zoulutsira mawu ndi makampani okha, ndipo mmphawi weniweni adangoimva mbiri.

Ndicho chifukwa chake Robert Rodriguez, mnyamata wa zaka 23 wa ku Texas, pojambula El Mariachi ku Ciudad Acuña m'dziko la Mexico mu 1991 ndi ndalama zokwana madola pafupifupi 7,000, zina mwa izo atazipeza polola kuti thupi lake liyeseredwe mankhwala, adabwerera ku njira yakale ija mwa mtundu wina. Kamera yake yobwereka ya Arriflex inkasokosera kwambiri, tsono ankajambula chithunzi chokha, akatha n'kuika kamera pansi, n'kutenga kaseti ya Marantz ndi maikolofoni yogula ku Radio Shack, n'kuuza wosewerayo kuti abwereze mawu omwewo pamalo pomwepo, mtima usanazizire ndipo kamvekedwe ka chipindacho kasanasinthe. Polumikiza, mawu ankagwirizana ndi milomo kwa kanthawi, kenako n'kuyamba kutsetsereka. Pamenepo iye ankadula chithunzi n'kuonetsa nkhope ya womvera, kapena galu wogona pambali, mpaka atapezanso pogwirizana. Kudula kofulumira kumene akatswiri adakutamanda ngati luso latsopano kudabadwa chotero, pobisa mlomo wosemphana ndi liwu.

Chaka cha 1992 ku Nigeria kudatuluka Living in Bondage, filimu ya Chiigbo imene Kenneth Nnebue, wamalonda wa ku Lagos, adalipirira ndipo Chris Obi Rapu adatsogolera, yojambulidwa pa vidiyo ndi kugulitsidwa pa makaseti m'misika. Apa mmphawi adapeza zimene Sembène adazilakalaka, chifukwa kamera ya vidiyo inkagwira chithunzi ndi mawu pamodzi, m'chilankhulo cha kwawo. Koma mphatsoyo idadza ndi msampha, pakuti maikolofoni idali itakhala pa kamera, kutali ndi kamwa, ndipo m'nyumba zobwereka za matailosi ndi zipupa zosalala mawu ankagunda uku ndi uku, jenereta ikulira kuseri chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi. Amene tidaonera mafilimu a ku Nigeria a zaka zimenezo tikukumbukira kugwira rimoti m'manja filimu yonse, kukweza pamene akunong'onezana, kutsitsa msanga pamene mayi wafuula kapena nyimbo yagwa mwadzidzidzi ngati denga. Tidawakonda ndithu mafilimuwo, koma chikomekome cha mkuyu, m'kati mudali nyerere.

Ife a kuno makutu athu adaleredwa ndi wailesi, pakuti wailesi yakanema idafika mochedwa, mu 1999, pamene Sewero la Sabata Ino ndi Kapalepale pa MBC zidali zitatiphunzitsa kale kuzindikira mkwiyo, chinyengo ndi chisoni m'liwu lokha popanda kuona nkhope. Tsono Mmalawi sachedwa kumva mawu akaonongeka. Zipangizo nazo zidatsika mtengo. Kudula tepi ndi lezala kudalowedwa m'malo ndi kompyuta, Pro Tools itatuluka mu 1991 ndi Audacity, yaulere, mu 2000. Mu 2008 kamera ya Canon 5D Mark II idapatsa osauka chithunzi chofanana ndi cha olemera, koma khutu lake lidali loipa, lodzikwezera lokha pakakhala bata mpaka kumveka mluzu wa mphepo, moti anthu adayambanso kunyamula kamakina kapadera ka mawu ndi kuomba m'manja pamaso pa kamera kuti adzapeze polumikizira, monga momwe agogo awo ankachitira ndi kabolodi kowomba. Masiku ano kwadzanso mapulogalamu ochotsa phokoso, ndipo ndi othandiza akagwiritsidwa ntchito ndi dzanja lopepuka. Koma ndidamvapo mawu osefedwa mopitirira muyeso mpaka wolankhula kumveka ngati ali pansi pa madzi, ndipo kampweya kaja kamene kamasiyanitsa kama ndi khama, kapena pala ndi phala, katapita pamodzi ndi phokosolo.

Zonsezi ndidaziona ndi maso anga chaka china, pamene mdzukulu wanga ndi anzake anayi adabwereka chipinda changa chochezera kuti ajambuliremo gawo la sewero lawo, la mwamuna ndi mkazi okangana za ndalama ya fetereza. Adabwera m'mamawa ndi kamera imodzi, ndipo popeza kamera idali imodzi, adayamba ndi nkhope ya mkazi, najambula zolankhula zake zonse. Pofika nthawi yotembenukira kwa mwamuna, batire lidali litatha, ndipo adayambiranso dzuwa litapendeka. Maikolofoni adaimangirira ku nsungwi ndi mphira wa chubu cha njinga, ndipo wogwira nsungwiyo, mnyamata wamtali wowonda, manja ankanjenjemera koma sadaitsitse. Adazimitsa firiji yanga, nandipempha makiyi a chitseko n'kuwaika m'kati mwake, ndipo nditafunsa tanthauzo lake adati, "Agogo, n'kuti tisachoke tisanaiyatsenso, nyama yanu ingawole." Pansi pa simenti adayala mphasa, ndipo pa zipupa zosaoneka pachithunzi adapachika mabulangete anga onse. Ndidaona kuti ana awa adali atafunsa kwa odziwa.

Patapita masiku atatu mdzukulu uja adabwera ndi laputopu, nkhope ili yakugwa, nandiveka mahedifoni. Mawu a mkazi adali oyera ngati madzi a pakasupe, a mwamuna chimodzimodzi. Koma atawalumikiza, mkazi akamalankhula kumbuyo kunkakhala zii, mwamuna akangoyankha kunkabuka mkokomo wapansipansi, mkazi akabwerera n'kuzimanso, ngati munthu akutsegula ndi kutseka chitseko pa mawu aliwonse. Chidali chigayo cha kuseri kwa msika, chimene m'mawa chidali chisanayambe kugaya. Ine ndakhala nacho pafupi zaka zambiri moti ndidaleka kuchimva, ndipo anawo, maso ali pa chithunzi, sadachimvenso. Khutu la munthu limakhululukira phokoso lokhazikika, n'kuliiwala pakapita kamphindi, koma silikhululukira phokoso lolowa ndi kutuluka, chifukwa limaulula msoko uliwonse pamene wolumikiza adadula. Ndicho chifukwa chake amisiri a ntchitoyi, akatha gawo lililonse, amaumiriza anthu onse kuima chilili osatsokomola kwa theka la mphindi kapena mphindi yathunthu, kuti ajambule bata la chipindacho, limene amalitcha room tone. Pakuti chipinda chilichonse chili ndi kupuma kwakekwake, ndipo wolumikiza amayala kupumako pansi pa mipata yonse, amaika wolankhula aliyense pa mzere wake, amalowetsa chidutswa china mwa chinzake pang'onopang'ono kuti msoko usamveke, kenako n'kulinganiza mphamvu ya mawu kuti woonera asagwire rimoti.

"Ndayesa kuchichotsa, agogo," adatero mnyamatayo, "koma ndikachichotsa chonse, mwamunayu akumveka ngati akulankhulira m'chitini."

Ndidamufunsa ngati n'kosatheka, m'malo mochotsa chigayo kwa mwamuna, kuchipereka kwa mkazi. Adandiyang'ana kanthawi, kenako adaseka, nati ndi zomwezo zimene mkulu wina wodziwa za mawu adamuuza pa foni, kungoti iye adaona ngati n'zamanyazi kuthira phokoso dala pa mawu oyera. Adagwirizana zoti achepetse pang'ono mkokomo wapansi uja pa mawu a mwamuna, ndipo otsalawo awafananitse poyala chigayo chomwecho pansi pa gawo lonse, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kuti banjalo limveke ngati likukangana m'nyumba imodzi pa ola limodzi, pafupi ndi msika, monga mabanja ambiri amakanganira.

Mawa lake adabweranso onse asanu, napachikanso mabulangete pamalo pomwe adali, nayala mphasa, naimika nsungwi pamene idaima tsiku lija, makiyi anga n'kulowanso m'firiji. Koma magetsi adali atazima chigawo chonse kuyambira m'mawa, ndipo chigayo chidali duu. Tidakhala pakhonde tikudya chinangwa chophika, amayi okagayitsa akudutsa ndi malichero ndi matumba kubwerera kwawo, mpaka cha m'ma 4 koloko pamene babu la pakhonde lidayaka, ndipo patangopita kamphindi tidamva injini ija ikukoka mpweya kuseri kwa msika. Anawo adathamangira m'nyumba, natseka chitseko, wa mahedifoni adakweza dzanja, ndipo anthu asanu ndi mmodzi tidaima chilili m'chipinda changa, osaphethira, kumvetsera chigayo kwa mphindi ziwiri zathunthu.